Si maso a munthu amene amafafaniza mizere ija

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona zimene munamva m'kanema uja, zoti elekitironi, kanthu kakang'ono kwambiri konyamula magetsi kamene kamapezeka m'kati mwa atomu, imasintha khalidwe munthu akaiyang'ana, komanso ngati zimenezi zikutanthauza kuti maganizo athu ndiwo amaumba zinthu. Ndaphunzitsa fizikisi kuno ku Kasungu kwa zaka zambiri, ndipo nkhaniyi imandikhudza chifukwa mbali imodzi ndi yoona ndithu, pamene mbali inayo yasocheretsa anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino.

Mukaima m'mbali mwa damu la Chitete m'mamawa mphepo isanayambe, n'kuponya miyala iwiri nthawi imodzi motalikirana pang'ono, mudzaona mafunde akufalikira mpaka kukumana. Pamene nsonga ya funde yakumana ndi nsonga inzake, madzi amakwera kwambiri, koma pamene nsonga yagwera m'chigwa cha funde linalo, madzi amakhala bata ngati simunaponye kanthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Thomas Young wa ku England anaonetsa kuti kuwala nako kukagawidwa panjira ziwiri n'kukumananso, kumajambula mizere yowala ndi yamdima mosinthanasinthana. Ine ndimaonetsa ana zimenezi m'kalasi: ndimagwira malezala awiri pamodzi, ndimacheka nawo timing'alu tiwiri pa foyilo, timatchinga mawindo ndi zitenje, kenako ndimawalitsa laser, katochi kotulutsa kuwala kopyapyala kwa mtundu umodzi, pa timing'aluto. Pakhoma pamaoneka timadontho tofiira titandandalika mumzere, ndipo anawo amakhala chete poona kuti kuwala kophatikizana ndi kuwala kunzake kwabala mdima pakatipakati.

Mtedza suchita zimenezi. Mukauponya pampanda wokhala ndi mipata iwiri, umangounjikana kuseri kwa mipatayo. Anthu ankayembekeza kuti ma elekitironi, poti ndi tinthu tokhala ndi kulemera, adzachita ngati mtedza, koma mu 1961 Claus Jönsson ku Tübingen, m'dziko la Germany, anawadutsitsa pa timing'alu ndipo mizere inaoneka ngati ya mafunde ija. Mu 1989 Akira Tonomura ndi anzake ku kampani ya Hitachi, m'dziko la Japan, anatumiza ma elekitironi imodziimodzi, iliyonse payokha popanda inzake yoti igundane nayo. Iliyonse inkasiya kadontho kamodzi, poyamba timadonthoto tinkaoneka ngati tangomwazika, koma titafika zikwizikwi mizere ija inatulukira bwinobwino. Apa ndi pamene pali chodabwitsa chenicheni, chifukwa kuti mizere ioneke, njira zonse ziwiri ziyenera kukhala zotseguka kwa elekitironi imodzi yomweyo.

Tsono n'zoona kuti mukaika chipangizo chodziwitsa mng'alu umene elekitironi yadzera, mizere imatha. Chimene kanemayo walakwitsa ndi mawu oti "kuyang'ana". Kuyeza m'fizikisi ndi kukhudzana kwa chinthu ndi chinthu chinzake kumene kumasiya chizindikiro, monga mbuzi imasiyira mapazi pampata wa dimba usiku, ndipo mapaziwo amakhalapo kaya mwini dimba wadzuka kukawaona kaya sanadzuke. Fanizoli lili ndi malire ake, poti mbuzi imadzera mpata umodzi ngakhale isasiye mapazi, pamene elekitironi yosasiya chizindikiro sitinganene kuti yadzera apa osati apo.

Umboni umene ndimaukonda kwambiri unachokera ku Vienna, m'dziko la Austria, kwa gulu la Anton Zeilinger ndi Markus Arndt. Mu 1999 iwo anaonetsa kuti ngakhale mamolekyu (timagulu ta ma atomu olumikizana) a ma atomu 60 a kaboni amajambula mizere. Mu 2004 anatenga mamolekyu a ma atomu 70, n'kumawatenthetsa ndi laser asanalowe m'chipangizo chokhala ndi timing'alu. Molekyu yotentha kwambiri imatulutsa kuwala kwake monga chimachitira chitsulo pamoto wa wosula, ndipo kuwalako kumanyamula uthenga wa malo amene molekyuyo inali. Pamene ankawonjezera kutentha, mizere inkazilala pang'onopang'ono mpaka inatheratu. Taganizirani bwino pamenepa, achimwene: palibe munthu amene anawerenga kuwala kumene kunkatulukako, kunkangokathera m'makoma a chipangizocho, komabe mizere inatha. Onaninso kuti siinathe kamodzin'kamodzi. Chizindikiro chikakhala chosaoneka bwino mizere imangozilala, ndipo chikakhala chomveka kwathunthu ndi pamene imafafanizika yonse.

Ena amaphunzitsa kuti mizere imatha chifukwa chipangizo choyezera chimakankha elekitironi n'kuisokoneza njira. Nthawi zina zimaterodi, koma kufotokoza kumeneku n'kosakwanira. Mu 1998 gulu la Gerhard Rempe ku Konstanz, m'dziko la Germany, linagwiritsa ntchito ma atomu a chitsulo chotchedwa rubidium, ndipo linalemba chizindikiro cha njira m'kati mwa atomu momwemo ndi mafunde a microwave, amene kukankha kwake n'kochepa kwambiri moti sikukanatha kusokoneza mizere. Mizereyo inathabe, kungoti penapake m'chilengedwe munali mutalembedwa kuti atomu yadzera uku.

N'chifukwa chakenso mtedza suonetsa zoterezi. Nawonso uli ndi funde lake, koma n'lalifupi koposa muyeso uliwonse, ndipo mpweya ndi kuwala zimaugunda mosalekeza, motero umasiya mapazi paliponse pamene wadutsa.

Ngati mukufuna kuyesa nokha kumeneko ku Mchinji, foyilo, malezala ndi laser n'zokwanira, ndipo khoma likhale pamtunda wa mamita awiri kapena atatu kuti timadontho titalikirane bwino. Musalozetse laser m'maso mwa munthu, ngakhale pang'ono. Dziwani kuti chimene mudzaone ndi khalidwe la mafunde lokha, ndipo mungachiyang'anitsitse anthu makumi anayi m'chipinda chimodzi, timadontho tija tidzakhalabe pakhomapo.