Ku Ludwigsburg m'mawa, ku Weindorf madzulo

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mukubwera ku Stuttgart, ku Germany, kuchokera ku UK sabata yoyamba ya Seputembala, inuyo, bambo akunyumba ndi mwana wa zaka 7, masiku ndi atatu okha, ndiye mukufuna kudziwa ngati chikondwerero cha vinyo chija n'choti munthu n'kupitako ndi mwana, komanso nyumba yachifumu yoti mukaone ndi iti. Ine ndimakhala chakuno, ndipo mlendo aliyense wobwera nyengo imeneyi ndimamuperekeza malo awiri omwewa. Konseko pitani. Koma nyumba yachifumuyo ikhale ya ku Ludwigsburg, muipatse tsiku lathunthu kuyambira m'mawa, kuvinyo mupite dzuwa litapendeka.

Ndiyambe ndi nyumbayo, chifukwa apa ndi pomwe alendo ambiri amaphonya. Mukatuluka pa siteshoni yaikulu ya Stuttgart n'kutsata msewu wa masitolo wa Königstraße, mufika pabwalo la Schlossplatz, ndipo pamenepo pali chinyumba chachikulu chokongola, Neues Schloss. Maso amakuuzani kuti mwafika. Jambulani zithunzi panja basi. Nyumba imeneyo inapsa ndi mabomba mu 1944, anachita kuimanganso, ndipo lero m'kati mwake muli maofesi a boma. Ya ku Ludwigsburg nkhondo sinaigwetse. Pansi pomwe mukapondapo, zitseko, magalasi, mipando, zambiri ndi zomwezo zomwe eni ake ankagwiritsa ntchito.

Kufikako n'kosavuta. Kwerani sitima ya S4 kapena S5 pa siteshoni yaikulu, ndi ulendo wa mphindi ngati 15. Mukatsika, pali kamtunda ka mphindi 15 mpaka 20 wapansi, kapena mukwere basi ngati mwana watopa. Gulani tikiti ya tsiku lonse ya VVS, bungwe la masitima ndi mabasi a kuno, yofika mpaka ku Ludwigsburg, ndipo funsani ya gulu, chifukwa anthu atatu imakutsikirani mtengo. Tikiti yomweyo ikubwezani m'tauni madzulo.

Amene anayamba kumanga nyumba ya ku Ludwigsburg mu 1704 ndi Eberhard Ludwig, yemwe ankalamulira dera la Württemberg pa udindo wa Duke. Poyamba ankangofuna pogona akapita kokasaka nyama, koma mtima unakula, ntchito inapitirira zaka pafupifupi 30, mpaka panatuluka nyumba 18 zolumikizana, zipinda 452. Tauni yonse ya Ludwigsburg inamera chifukwa cha nyumbayi, n'chifukwa chake misewu yake ili yowongoka ngati mizere ya m'munda. Ufumu weniweni unabwera pambuyo. Napoleon anafika panyumbayi mu 1805 kudzakoka Friedrich, yemwe ankalamulira Württemberg nthawi imeneyo, kuti akhale mbali yake, ndipo pa 1 Januwale 1806 Friedrich anakhala mfumu yoyamba ya Württemberg. Anali chimunthu, kutalika kupitirira mamita 2, thupinso lili apo. Popeza mukuchokera ku UK, ichi chikusangalatsani: mkazi wake Charlotte anali mwana wa Mfumu George III ya ku Britain, ndipo anakhala m'nyumba yomweyi mpaka kumwalira mu 1828. Zipinda zake mukaziona, ndipo muli zinthu zomwe anapeta ndi kujambula ndi manja ake.

M'zipinda zachifumu simulowa nokha, mumayenda ndi wokutsogolerani. Maulendo ambiri amakhala a Chijeremani, a Chingerezi ndi ochepa pa tsiku, ndiye chonde onani nthawi yake usiku wa dzulo lake, tsiku lanu lonse mulikonze potsatira ola limenelo. Ulendo woyamba ine ndinafika Chingerezi chitadutsa, ndinayenda ndi gulu la Chijeremani ndisanachidziwe bwino chilankhulocho, ndipo zambiri zinandipita. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mlendo amene ndinali naye tsiku lija sanabwerenso kuno. Valani nsapato zofewa. Mumayenda ola lathunthu kapena kupitirira, ndipo mipando ya m'menemo si yokhalapo.

Chomwe ine chimandigwira mtima kwambiri si golide ayi, koma kanyumba ka zisudzo ka m'kati momwemo, ka mu 1758. N'kamatabwa. Pansi pa nsanja pali zigudumu zamatabwa ndi zingwe zomwe zimakoka zithunzi za m'mbali zonse nthawi imodzi, moti nkhalango imasanduka chipinda anthu akuona, popanda magetsi. Makina amenewo adakalipo ndipo ndi amodzi mwa akale kwambiri ku Ulaya omwe sanawonongeke. Mukalowa mumamva fungo la matabwa akale, ndipo mawu anu omwe amamveka mwina. Ndikaima m'menemo ndimaganiza za amisiri omwe anasema zigudumu zija, anthu oti mayina awo palibe amawatchula, pomwe dzina la bwana wawo lili pakhoma paliponse. Mufunse pogula tikiti ngati ulendo wanu ukudutsa kumeneko. Pali kachipinda kenanso kokutidwa ndi magalasi mbali zonse, mwana wanu akadziona m'menemo sadzafuna kutuluka.

Kunena zoona, mwana wa zaka 7 zipinda zikachuluka amayamba kukoka chitenje. Mankhwala ake ali panja. Kuzungulira nyumbayi kuli munda wamaluwa wotchedwa Blühendes Barock, womwe anautsegula mu 1954 pokumbukira zaka 250 za nyumbayi. Uli ndi tikiti yakeyake, koma funsani yophatikiza. M'kati mwake muli Märchengarten, kamunda ka nthano za ana a kuno, komwe tizidole timayenda ndi kulankhula. Ndiye pali maungu. Achemwali, musaseke, ndikunenetsa. Kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti mpaka nyengo yozizira italowa, m'mundamu mumakhala chionetsero cha maungu, mitundu mazanamazana, ena ang'ono ngati dzira, ena oti amuna anayi sanganyamule, ndipo amawasanja kupanga zinyama ndi zinthu zikuluzikulu. Ife tinakulira maungu ophika ndi nkhwani wotendera, ndiye kuona dzungu likulemekezedwa chonchi kumafika pamtima. Mayi anga atabwera anangoima n'kumafunsa kuti masamba ake onsewo anapita kuti. Msuzi wa maungu amagulitsa pomwepo, nkhomaliro yanu ikhale imeneyo.

Tsopano za vinyo. Dzina lake ndi Stuttgarter Weindorf, kutanthauza mudzi wa vinyo, ndipo unayamba mu 1976. Umachitika kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kulowa masiku oyamba a Seputembala. Masiku enieni amasintha chaka ndi chaka, ndiye muwaone musanagule tikiti ya ndege, kuopa kufika atapasula dzulo lake. Malo ake ndi pakati penipeni pa tauni: Marktplatz, Kirchstraße ndi Schillerplatz, pafupi ndi tchalitchi cha Stiftskirche. Kulowa n'kwaulere, mumalipira zomwe mwadya ndi kumwa.

Nkhawa yanu ya mwana ndikuimvetsa, chifukwa tikamva za chikondwerero cha mowa ku Germany timaganiza za zimatenti, anthu ataimirira pamabenchi, zimakapu za lita. Chimenecho ndi china, Cannstatter Volksfest, ndipo chimayamba kumapeto kwa Seputembala, inu mutabwerera. Weindorf ndi yofatsa. Amamanga timisasa tamatabwa tokongoletsedwa ndi masamba a mphesa, anthu amakhala pansi, kudya, kucheza. Kulibe zimkuzamawu zogonthetsa m'khutu. Mumaona agogo, anthu ochokera kuntchito, mabanja. Mwana mupite naye, koma mufike cha m'ma 5 koloko pakati pa sabata. Lachisanu ndi Loweruka usiku kumadzaza moti malo okhala amasowa, ndipo m'tinjira tija mwana amangoona misana ya anthu. Mukaona benchi ili ndi mpata, funsani kuti "Ist hier frei?", mukhale. Kukhalirana tebulo ndi anthu osawadziwa n'chizolowezi pamenepa, ndipo ndi pomwe ndinaona koyamba anthu a kuno, omwe m'sitima sayang'anana n'komwe, akuyamba okha kucheza ndi mlendo.

Alamu anga auzeni mawu amodzi: Viertele. Ndi tambula yokhala ndi chogwirira, yolowa kota ya lita, ndipo umu ndi momwe vinyo amamwedwera kuno. Ayambe ndi Trollinger, vinyo wofiira wopepuka yemwe ndi wa eni dera. Akafuna wolemerako, Lemberger. Woyera, Riesling. Wina ndi Schillerwein, wofiirira pang'ono, wopangidwa posakaniza mphesa zofiira ndi zoyera. Chenjezo langa n'lakuti Trollinger amalowa ngati madzi, koma matambula atatu ndi botolo lathunthu. Awiri akwana, chakudya chili m'mimba, ndipo galimoto isakhalepo pa nkhaniyi. Inuyo ngati simumwa, palibe akuyang'aneni. Itanitsani Traubensaft, madzi a mphesa osasasa, kapena Apfelschorle, juwisi wa maapozi wosakaniza ndi madzi a gasi, yemwenso mwana angamwe.

Chakudya ndiye chifukwa chenicheni chomwe ine ndimapitirako. Maultaschen ndi timatumba ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama yogaya ndi masamba m'kati, amatiika mumsuzi kapena kutikazinga ndi anyezi. Nthano ya kuno imati ansembe a ku Maulbronn ankabisamo nyama nthawi ya Lenti. Ngati kwanu simudya nkhumba, funsani kaye, chifukwa kawirikawiri imakhalamo. Käsespätzle mulibe nyama, ndi tizidutswa ta ufa ndi mazira tothira tchizi ndi anyezi wokazinga pamwamba, ana amatikonda ndipo mbale imodzi imakhutitsa ngati nsima. Zwiebelrostbraten ndi nyama ya ng'ombe yowotcha, yokwera mtengo koma yokoma. Tengani ndalama zapamanja, si paliponse pomwe khadi imayenda bwino. Tenganinso majuzi: masana kumatentha, koma dzuwa likalowa cha m'ma 8 koloko kamphepo kamayamba.

Tsiku lotsalalo, ngati miyendo ikulola, kwerani phiri la Württemberg ku Rotenberg, komwe Mfumu Wilhelm I inamanga kachisi pamanda a mkazi wake Katharina, yemwe anamwalira mu 1819 ali ndi zaka 30 zokha. Njira yake imadutsa m'minda ya mphesa, ndipo mu Seputembala mphesazo zimakhala zitalemera pamitengo, zatsala pang'ono kukololedwa. Pamwamba mumaona mtsinje wa Neckar ndi tauni yonse, ndipo alamu akaona okha komwe vinyo wa dzulo lija anachokera.

Chomaliza, poti simunatchule mapasipoti: ngati muli ndi a Malawi, chilolezo chokhalira ku UK sichikulowetsani ku Germany, pafunika viza ya Schengen, ndipo nyengo ino malo okaonekera amadzaza msanga, ndiye yambani pano. Kumbukiraninso kuti Lamlungu masitolo kuno amatseka, zogula za mwana mugulire Loweruka.