Umembala si chiphaso, komabe lowani

Achemwali, mwafunsa ngati kuli phindu kulipira umembala wa bungwe la akatswiri othandiza odwala pogwiritsa ntchito nyimbo, pomwe mwangomaliza maphunziro ndipo m'thumba simuli bwino.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zomwe ambiri timasokoneza. Bungwe la umembala si limene limapereka chilolezo chogwira ntchito. Ku America, bungwe la umembala la American Music Therapy Association linabadwa mu 1998 mabungwe awiri akale ataphatikizana, koma chiphaso cha ukatswiriwu, chotchedwa MT-BC, chimachokera ku bungwe lina loyesa akatswiri, la CBMT, munthu akakhoza mayeso awo, ndipo chimakonzedwanso zaka 5 zilizonse. Ku Britain mutha kukhala membala wa BAMT, bungwe la akatswiriwa kumeneko, koma osalembetsa ku HCPC, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, lamulo silikulolani kudzitcha music therapist, dzina la ntchito yathuyi m'Chingerezi. Ku South Africa kalembera wotereyu ali m'manja mwa HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo kumeneko. Ndalama zikakhala zochepa, yambani ndi kalemberayo ngati dziko lanu lili naye.

Komabe lowani m'bungwe la umembala. Ntchito yathuyi ndi yosungulumwitsa. Nthawi zambiri pachipatala ponse umakhala wekha ndi gitala ndi ng'oma zako, anzako n'kumaona ngati wabwera kudzasangalatsa odwala. Ine abwana anga oyamba ankandiitana kukaimbira alendo, za odwala anga osafunsa n'komwe. Chimene chinandiwombola ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito ochokera kubungwe. Nditawaonetsa, nkhani inathera pomwepo.

Chachikulu kwa ine ndi kupeza mkulu pantchito wokambirana naye. Tsiku limene gogo wodwala matenda oiwalaiwala adzalire chifukwa cha nyimbo yomwe mwasankha inu, kapena mwana amene mwayenda naye chaka chonse adzamwalire, mudzafuna munthu amene anazionapo, osati buku. Mutu umodzi susenza denga. Magazini a kafukufuku ndi maphunziro opitiriza ndi zabwino ndithu, ngakhale kunena zoona ambirife sitiwerenga onse.

Ngati kwanuko kulibe bungwe, onani World Federation of Music Therapy, yomwe inakhazikitsidwa mu 1985 ku Genoa, Italy. Imalandiranso munthu payekha, ndipo msonkhano wake waukulu umachitika zaka 3 zilizonse.

Musanalipire, alembereni a bungwe lomwe mukufuna kulowalo muwafunse ngati ali ndi mtengo wotsika wa ophunzira kapena ongomaliza kumene, komanso ngati amathandiza pa inshuwalansi ya ntchito. Akachedwa kuyankha, ndiuzeni kuno tione kwina.