Foundation Yamadzi Kapena Yapaudala?

Funso: Zikomo akonzi, ine ndimakhala ku Dedza ndipo khungu langa lakumaso limauma kwambiri, makamaka mu June ndi July. Kodi ndigule foundation (chodzola chopaka kumaso kuti khungu lizioneka losalala) yamadzi kapena yapaudala?

Yankho: Mayi, kwa inu yoyenera ndi yamadzi, chifukwa kuzizira kwa ku Dedza kumaumitsa khungu, ndipo yapaudala imakanirira pamalo oumawo mpaka nkhope kutuwa ngati mukuchokera kuchigayo. Musanaipake, yambani mwadzola mafuta ofewetsa khungu, kenako mudikire mphindi zingapo kuti alowerere. Yapaudala imawayanja amene nkhope yawo imachita mafuta, ndipo inunso ingakuthandizeni mu October, pamene mphuno ndi chipumi zimanyezimira chifukwa cha kutentha. Posankha mtundu wake, muziyesera m'mbali mwa chibwano muli panja powala, osati padzanja, popeza dzanja ndi nkhope kawirikawiri zimasiyana kuda kwake.