Za chindapusa cha Intel chija

Achimwene mwafunsa ngati ku Ulaya analipiritsa Intel, kampani ya ku America yopanga ma chip a makompyuta, pongodana ndi makampani a ku America. Ayi, mlandu unalipo ndithu. Mu 2009 bungwe la European Union linawatchaja ma euro 1.06 biliyoni chifukwa a Intel ankatsitsira mtengo opanga makompyuta monga Dell, HP, Lenovo ndi NEC bola azigula ma chip awo pafupifupi onse kwa Intel, mpaka kulipira eni ake a mashopu a Media Markt kuti asamagulitse makompyuta okhala ndi ma chip a AMD, kampani yopikisana ndi Intel, ndiye ukalowa m'mashopuwo unkangopeza Intel yokhayokha, zopweteka kasitomala zimenezo. Ndipo wodandaula anali AMD, ya ku America konko. Khoti la European Union linafafaniza chindapusacho mu 2022 koma mu 2023 bungwe lija linawatchajanso ma euro 376 miliyoni. Kulimbana kwa mayiko kuli ku China uko, anayamba kufufuza Nvidia, kampani inanso ya ku America yopanga ma chip, mu Disembala 2024 America itangokhwimitsa malamulo ogulitsa ma chip.