Buledi wa ma dolphin? Ayi, achemwali

Mlongo wina wa ku Durban wanditumizira imelo. Abwana ake akumutenga pa boti kukaona ma dolphin (nyama za m'nyanja yaikulu zooneka ngati nsomba), ndiye akufunsa ngati atenge buledi kapena nsomba zokawaponyera. Achemwali, funso lanuli landigunda pamtima.

Ine ndinagwirapo ntchito pamalo ena ogona alendo kugombe la kumwera kwa KwaZulu-Natal, ku South Africa. Cha mu Juni, sadini zikamabwera kuchokera ku Eastern Cape, tinkazemba ntchito kukaima pamchenga. Madzi ankada bii ndi nsomba. Ma dolphin ankazizinga, kuzipanikiza mpaka zitaunjikana malo amodzi, kenako n'kumalowamo mosinthana, uku mbalame zikudzigwetsa kuchokera kumwamba. Tsiku lina mlendo wathu anatulutsa mabisiketi, ati akawagawireko. Ndinangoti kukamwa yasa. Mlenje wotere n'kumupatsa bisiketi?

Dolphin si nsomba, amayamwitsa ana. Mano ake ndi ogwirira basi, satafuna. Nsomba amameza yathunthu, kuyambira kumutu, kuti minga isamubaye pakhosi. Ngakhale madzi a m'thupi mwake amawapeza mu nsomba ndi squid (tinyama tofewa ta m'nyanja ta miyendo yambiri) zomwe wadya. Ku Shark Bay, ku Australia, ena amavala siponji ya m'nyanja pamlomo pofukula nsomba pansi kuti asadzicheke, ndipo ana, makamaka aakazi, amaphunzira kwa amayi awo. Ku Laguna, ku Brazil, amakusira nsomba kwa asodzi n'kupereka chizindikiro choti ukonde uponyedwe. Anthufe timangokonda kudyetsa chilichonse kuti tijambule chithunzi cha pa Facebook. Chimenecho si chifundo, ndi kudzikonda, ndipo sindibweza mawu.

Nanga nsomba yaiwisi?

Nayonso ayi. Ku Monkey Mia, komweko ku Shark Bay, anthu akhala akudyetsa ma dolphin pamanja kwa zaka zambiri. Ana a zazikazi zodyetsedwazo ankafa kwambiri, mpaka m'ma 1990 akuluakulu anakhwimitsa malamulo: nsomba zochepa, zowerengeka, oyang'anira ali pomwepo. Dolphin wozolowera kupempha amalondola maboti, injini n'kumutema, kapena mbedza n'kumukola. Amalumanso. Ku America kudyetsa dolphin wa m'nyanja ndi mlandu.

Ndiye inu tengani chipewa ndi mankhwala oletsa mseru, chifukwa mafunde a Durban sachita masewera. Buledi mudye nokha, manja akhale m'boti.