Kodi ana a nkhono yosagwidwa likodzo nawonso sagwidwa?

Wowerenga wina watilembera kufunsa kuti: nkhono yomwe imapha nyongolotsi za likodzo m'thupi mwake ikakwerana ndi ina yomwe imagwidwa msanga, anawo amatengera iti?

Nthawi zambiri amatengera yolimbayo, koma zimadalira msinkhu wa nkhonoyo komanso mtundu wa nyongolotsi.

Zambiri zomwe tikudziwa zinachokera ku nkhono ya Biomphalaria glabrata ndi nyongolotsi ya Schistosoma mansoni. Kamphutsi kakaswa m'dzira la nyongolotsiyo kamaboola khungu la nkhono n'kukhazikika m'kati. Mu nkhono yolimba, maselo a m'magazi otchedwa hemocytes amakazinga n'kukapha ndi mankhwala otchedwa hydrogen peroxide m'masiku ochepa. Mu nkhono yofooka maselowa amangokalekerera, ndipo pakatha milungu 4 kapena 5 nkhonoyo imayamba kutulutsa mphutsi zolowa pakhungu la munthu.

M'zaka za m'ma 1950, wasayansi Walter Newton anakweranitsa nkhono za ku Puerto Rico ndi za ku Brazil n'kuonetsa kuti khalidweli ndi lachibadwa. Pambuyo pake wasayansi wina, Charles Richards, anapeza kuti mwa nkhono zikuluzikulu, jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) imodzi yamphamvu ndiyo imalamulira: ana oyamba onse amalimba, koma mwa zidzukulu pafupifupi imodzi mwa zinayi imabwereranso ku kufooka. Mwa nkhono zazing'ono si choncho. Kumeneko majini angapo amagwirira limodzi, ndiye kawerengedwe kophwekaka sikagwira.

Pokweranitsa m'pomwe ambiri amalakwitsa. Nkhono iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi, imatha kudzibereketsa yokha, ndiponso imasunga umuna wa inzake kwa milungu ingapo. Choncho muzipatule zisanakhwime, iliyonse m'kabotolo kake. Ikani yachialubino ndi yakuda, imodzi yolimba ina yofooka, pamodzi kwa masiku angapo, kenako musunge mazira a yachialubino okha. Ana a maso akuda ndiwo osakanizadi. Oyera ndi odzibereketsa, musawawerengere. Poyesa, patsani nkhono iliyonse timphutsi tofanana chiwerengero, monga 5 kapena 10, madzi akhale pafupifupi 26°C, ndipo nkhonozo zikhale zofanana kukula. Kutentha musakuderere: nkhono zolimba za mtundu wotchedwa BS-90 zinapezeka kuti zimatha kugwidwa zikasungidwa pa 32°C.

Chovuta chenicheni n'chakuti kulimba si kwa nkhono yokha, kumadaliranso nyongolotsi yomwe yakumana nayo. Nkhono ikhoza kupha S. mansoni ya dera lina n'kugonja kwa ya dera linanso, chifukwa mapuloteni ake ozindikira mdani, monga FREPs, amayenera kugwirana ndi a pakhungu la mphutsiyo. Kusakaniza mitundu kumasokoneza kagwiranidwe kameneka, ndipo kukhoza kutseka khomo kapena kutsegula lina.

N'chifukwa chake ganizo lothira nkhono zolimba m'mitsinje, monga anayesera ku Brazil ndi nkhono za Biomphalaria tenagophila za ku Taim, dera la kum'mwera kwa dzikolo, limafuna kusamala. Muyambe mwaziyesa ndi nyongolotsi za kumaloko, ndipo muyesenso zidzukulu zake, osati ana oyamba okha.