Kasitima ka m'dambo kaja kanaleka kalekale

Mayi wina wa ku Dublin wandilembera imelo kufunsa ngati angatenge ana ake kukakwera kasitima koyenda m'dambo ku Shannonbridge, m'dziko la Ireland. Mayi, mwandikhudza pachilonda. Kasitimako kanaleka kunyamula alendo mu 2008, ndipo ine nditafika m'deralo ndinangopeza njanji zadzimbiri, udzu utamera pakati.

Amene anandipulumutsa tsikulo ndi bambo wina wachikulire yemwe anagwira ntchito m'madambomo moyo wake wonse. Anandipatsa tiyi, n'kuponya pamoto chibuma cha turf, dothi lakuda la zomera zowolerana lomwe anthu a ku Ireland amadula, kuumitsa n'kumasonkhera moto. Akuti bambo awo ankadula ndi manja, iwo anadzapeza makina. Dambo lake ndi lonyikirira moti lole ikhoza kumira, n'chifukwa chake kampani ya boma ya Bord na Móna, yomwe inakhazikitsidwa mu 1946, inayala njanji zopepuka za mamilimita 914 m'lifupi, zocheperapo pa zathu za 1,067. Zina ankaziyala pafupi ndi mulu wa turf, mulu ukatha n'kuzinyamula kukaziyala kwina, ngati mphasa.

Nyumba zopangira magetsi za ku Shannonbridge ndi Lanesborough, zomwe zinkayendera moto wa turf, zinatsekedwa mu December 2020, ndipo mu January 2021 Bord na Móna inalengeza kuti yasiyiratu kukumba turf. Pamenepo sindikutsutsa. Dambo ukaliphwetsa limatulutsa mpweya woipa umene linasunga zaka zikwizikwi. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu amene ankathandiza kuyatsira dziko magetsi akuiwalika msanga, ngati analakwa. Sanalakwe ayi. Anatumidwa, ndipo anagwira.

Taonani ku Corlea, m'chigawo cha Longford. Anafukula m'dambo msewu wa matabwa wa m'chaka cha 148 Yesu asanabadwe, naumangira nyumba yakeyake yabwino. Ndi zoyenera. Koma njanji ya dzulodzuloyi, yomwe oyendetsa ake akadali moyo ndipo angathe kufotokoza okha, ikungodyedwa ndi dzimbiri. Nanga tidikire kuti nayonso iyambe yamira?

Ndisaiwale: mu 1949 kampani ya Andrew Barclay ya ku Scotland inapangira Bord na Móna mainjini 3 a nthunzi oyendera moto wa turf yemweyo. Imodzi inakathera ku Wales, pa njanji ya Talyllyn, komwe anaisula mwatsopano n'kuitcha Tom Rolt.

Ndiye anawo mupite nawo kuti?

Ku Stradbally, m'chigawo cha Laois. Injini ina mwa zitatuzo ili kumeneko m'manja mwa anthu ongodzipereka, koma imayenda m'nkhalango, osati m'dambo, komanso masiku osankhika okha, ndiye yambani mwaona pa intaneti. Dambo lenilenilo ndi mbiri ya kadulidwe ka turf mukazione ku Lullymore, ku Kildare. Majekete a mvula musasiye.